Mpando Woyang'ana Kukhoma

Lachinayi, 9 Julayi. Kwazizira, mtima suli m'malo.

Akwana masiku 23 chindiuzireni kuti ndili ndi kachilombo ka Edzi. Mkazi wanga Esitere sakudziwabe. Dzulo ku Katuli, ndikuyezera ufa othawa nkhondo, ndinangoyamba kulira pasikelo, anthu ali pamzere.

Lero ndinapita kuchipatala kukaonana ndi amene amacheza ndi ovutika maganizo. Potsegula chitseko ndinapeza kuti ndi mng'ono wawo wa apongozi anga. Zaka zisanu ndi chimodzi zachikamwini sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatuka. Ndinafuna kubwerera.

Iwo anatembenuza mpando wawo, nakhala choyang'ana kukhoma.

"Khalani, akamwini. Sindikukuonani, ndipo za muno sizifika kumudzi."

"Amayi, sindingathe."

"Ndiye uzani khomali, ine ndingomvera nawo."

Ndinayankhula mphindi makumi anayi. Ndinaulula ngakhale zoti Lamulungu ndinaima nthawi yaitali pamlatho wa Shire ndikuyang'ana madzi. Sanandidzudzule. Anandilonjezetsa kuti maganizo amenewo akabweranso ndithamangire kwa iwo, ndiponso kuti ndizibwera Lachinayi lililonse.

Potuluka anati, "Esitere ndinamulera ndine, koma sadzamva kwa ine. Mudzamuuza ndinu. Mawu ake tidzayeserera muno."

Ndikuwakhulupirira. Koma Loweruka akubwera kwathu kudzaona mwana, ndipo adzakhala ndi Esitere pamkeka umodzi tsiku lonse, akudziwa. Sichilungamo kuwasenzetsa zimenezo. Ndimuuza mawa, iwo asanafike. Ndayesa katatu kulemba mawu oyambira, ndipo onse akuyamba ndi "pepa"...