Asilikali a Achemwali

Okondedwa Achimwene,

Funso limene ndikufuna kuthetsa m'kalata ino ndi limodzi: kodi achemwali akudwaladi, kapena akunamizira monga amuna awo anakuuzirani pa foni? Koma poyamba, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula dzanja lamanja limene latupa. Chifukwa chake muchimva.

Lachiwiri achemwali anapita kuchipatala thupi likutentha. Atawayeza, namwino anati asilikali a m'magazi achuluka: 19,000, pomwe mwa munthu wabwinobwino sapitirira 11,000. Anawauza kuti abwerenso m'mawa mwake kuti adokotala adzafufuze chifukwa. Alamu ataona pepalalo anaseka. Anati anthu amalira asilikali akachepa, nanga awa achuluka akubuula chiyani? Anawaletsa kubwerera kuchipatala, n'kuwabweza pa makina osokera.

Akuti inunso munavomereza, n'kunena kuti mlongo wanu ndi thirakitala. Munalakwitsa, achimwene. Thupi silisonkhanitsa asilikali popanda nkhondo. Maselo oyerawa amachuluka pakakhala bala lochita mafinya, kutupa kwa m'kati, kuvulala, ndipo nthawi zina khansa ya m'magazi. Pepalalo silitchula mdani. Limangonena kuti alipo.

Loweruka ndinapita kukamufunafuna mdaniyo. Ndinawapeza achemwali akupalasa makina ndi mwendo umodzi, akuti winawo wachita dzanzi. Ndinakweza nsalu yawo mokakamiza. Pa ntchafu panali bala lalitali ngati chikhatho, lakuda m'mbali, mafinya akuchucha. Anati anagwa kubafa. Poona kuti linali bala la moto, ndinawafunsa ngati bafa limawotcha. Apo analira, n'kuulula kuti masabata awiri apitawo alamu, amene ntchito yawo ndi yowotcherera zitsulo, anawadinda ndi chitsulo chimene anali atangochiwotcherera, chifukwa chochedwa kuwabweretsera madzi akumwa.

Alamu analowa tili mkati molankhula. Anati kasukulu kandizunguza mutu, kenako anawakoka achemwali tsitsi mpaka mphumi inagunda makina. Apa ndiulule. Ndinanyamula simbi yositira, n'kuwamenya nayo alamuwo pakamwa. Mano awiri anagwera pa zidutswa za nsalu. Anandipotokola dzanja mpaka anansi anadzatilekanitsa. Sindikunyadira, komanso sindipepesa.

Achemwali, magazi akutsika kumaso, anandigwira phazi n'kunena kuti, "Usawauze achimwene. Adzangoti ndipirire." Mawu amenewo akundiwawa kuposa dzanjali, chifukwa munawanenadi chaka chatha, diso lawo litatupa.

Tsopano achemwali agonekedwa m'chipatala. Adokotala akuti matenda a pabalapo anali pafupi kufalikira m'magazi monse, ndipo sanatsimikize ngati mwendowo aupulumutsa. Alamu akubwera tsiku lililonse, milomo ili ndi bandeji, kudzafunsa tsiku lowatenga. Achemwali akuti adzachita zimene inu munene.

Mulungu akusungeni, ndipo mupereke moni kwa onse a pakhomo panu. Zoyenera kuchitika ndi izi:

1. Mubwere sabata ino, mudzaone balalo ndi maso anu.
2. Achemwali akatuluka asabwererenso kunyumba ija. Makina awo tikatenge ife.
3. Pepala la magazi ndi kalata ya adokotala tikazipereke kupolisi. Za mano aja ndikayankha ndekha.
4. Mawu akuti "pirirani" muwasiye komweko. Thupi la achemwali lasonkhanitsa asilikali 19,000 kuti liwateteze. Kwa abale awo akungopempha mmodzi.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
wa ku yunivesite