Mwala wa bambo aang'ono

Lachinayi, 12 Disembala
Sindinagone. Chifuwa cha abambo chinali kulira ngati chitseko chadzimbiri. Chibwerereni kuno kuchokera ku Dedza sanapemphe kanthu, lero akuti Loweruka tiwatengere ku mapanga okaona alendo a kupitirira Krugersdorp. Munthu woti anathera unyamata wake mu mgodi, pansi akukafunanso chiyani? Mwamuna wanga Kabaso akungoseka, ati madala asowa kuntchito kwawo.

Lachisanu, 13
Kuntchito ku Midrand ndapsereza malaya a abwana. Maganizo.

Loweruka, 14
Tapita. Mumsewu mwana wathu Omega kumangofunsa agogo ake ngati kuphangako kuli njoka. Masitepe otsikira ndi onyowa, ine ndawagwira mkono, iwo akuti ndisiye, mwala ndimaudziwa kuposa iwe.

Pakatikati wotiperekeza wa pamalopo anazimitsa magetsi kuti tione mdima weniweni. Mumdimamo ndinamva mawu a abambo, pansipansi: "Mateyu, ndine. Tiye kumudzi."

Mateyu ndi mng'ono wawo. Mgodi unamugwera ine ndisanabadwe, thupi silinatulutsidwe, ndipo mgodiwo, womwe unali kufupi ndi mapangawa, anautseka kalekale. Ku Dedza manda ake kulibe.

Magetsi atayaka, dzanja lawo linali m'thumba la jekete. Njira yonse yobwerera sanayankhule, sanacheuke. Ngakhale Kabaso anazimitsa wailesi.

Lamulungu, 15
Ndauona. Kamwala kakuda, kokulunga m'kampango, pansi pa pilo ya abambo. Polowera kuphanga paja tinauzidwa kuti osatola kanthu! Komanso ine wa Mvano, mwala woitanira akufa m'nyumba mwanga? Ndapita kutchalitchi. Ndinafuna kuwauza abusa, ndinangowapatsa moni.

Lolemba, 16
Ndinalimba mtima. Ndati, abambo, akufa ali m'manja mwa Mulungu, sali m'miyala. Ayankha kuti akudziwa. "Koma ndine ndinamutenga pakhomo pa amayi. Ndinati ndidzamubweza."

Atsokomola mpaka kugwira khoma. Mpweya utabwerera anandifumbatitsa kampango kaja. "Basi ya ku Dedza ndi ya Lachisanu. Chifuwachi chikandikaniza ulendo, ukamufikitse ndiwe. Pafupi ndi manda a agogo ako, kumutu."

Sindinavomere. Sindinabwezenso. Kali m'chikwama changa, pambali pa Baibulo, ndipo kakulemera kuposa kukula kwake.

Ambuye, ngati ndi tchimo, ndiuzeni. Ngati si tchimo, ndiuzeninso. Koma mundiyankhe lisanafike Lachisanu, chonde.