Tinsalu ta mu Mtsamiro wa Bobini

Okondedwa Achemwali,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likuvutabe? Mundiuze zoona, musamangoti zili bwino monga timachitira pamtundu pathu. Ine kuno ndilipo, kupuma ndikupuma.

Mukaona zilembo zikuoneka ngati papalasa nkhuku musadabwe, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja lija likadali mlendo pathupi panga. Kalatayi ndinayiyamba Lolemba, lero ndi Lachinayi. Pafoni sindikanatha, chifukwa ndikalankhula nthawi yaitali lilime limalemera, ndipo inu mumangoti eya, eya, musakumva kanthu.

Mwina mwawaona kale alamu anu, mayi a kunyumba kwanga, poti ali kumeneko kwa mayi awo. Ngati anakuuzani kuti abwera kudzangocheza, amangondibisira manyazi. Ndinawathamangitsa ndine. Patha masabata atatu tsopano, ndipo ndikufuna nkhaniyi muimve kuchokera kwa wolakwa mwini wake.

Mukukumbukira kuti nditatuluka m'chipatala ndi sitiroko ija, adokotala analamula kuti ndiziyenda tsiku lililonse komanso ndizipita kumafizo kawiri pa sabata, kuja amawongolako ziwalo. Kuyendako ndinkakana, chifukwa anthu mumsewu amayamba kupereka moni kwa mwendo, nkhope pambuyo. Ndiye tsiku lina alamu anu anabwera ndi kagalu m'katoni, kochokera kwa mlonda amene tayandikana naye nyumba. Ndinawauza kuti wofunika kumupukuta m'nyumba muno ndakwana ine. Anandiyankha kuti galu sadziwa zoti munthu akudwala, akafuna kutuluka ndidzatuluka naye basi. Sananame.

Tinamutcha Bobini, dzina la kokulungirapo ulusi ka m'makina osokera, poti anali wobulungira ndipo ankangogubuduka pansi pa makina. Ndi wakuda, ali ndi khutu limodzi logona. Sabata yoyamba anatafuna patapata wanga, tepi yoyezera, ndi kampira kofinya kamene anandipatsa kuchipatala. Ndinkamutukwana m'mawa ndi masana, koma ndinkayenda naye mpaka pamphambano n'kubwerera, ndipo mwendo unayamba kumvera.

Mwezi wachiwiri ndinabwerera m'kashedi kanga kokonzeramo makina osokera. Mukudziwa lamulo limene anandisiyira malemu bambo. Makina sachoka pabenchi asanasoke kansalu koyesera. Umalemba dzina la mwini wake pakansaluko, n'kusoka mizere itatu, kenako umatembenuza kuti uone kunsi. Bambo ankati makina amatha kunama pamwamba, koma kunsi sanama. Kunsi kukakhala bwino, kansaluko umakasiya pansi pa singano kuti mwini wake adzadzionere yekha.

Vuto linali lakuti matenda aja anandisiyira chifunga m'maso, ndipo nsonga za zala sizinkamva kuti ulusi wathina kapena walekerera. Choncho ndikasoka ndinkapereka kansaluko kwa alamu anu, amene amasoka makatani pakona, pafupi ndi windo. Ankakatembenuza, n'kukayang'ana kanthawi ndithu, kenako ankati zili bwino bambo. Tikadya masana mankhwala ankandigoneka maola awiri, Bobini ali kumapazi. M'mawa mwake matelala ankabwera kudzatenga makina awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabweza. Wina mpaka anati matenda andinola.

Achemwali, ndinakula mtima. Ndinasiya kupita kumafizo, ndinati mafizo anga ndi sikuludiraiva. Alamu anu anandichonderera, tsiku lina mpaka misozi, kuti ndisasiye. Ine ndinkangowalozera makina amene akutuluka m'shedi, n'kuwafunsa ngati munthu wakufa dzanja angakonze zimenezo. Iwo ankangobwerera ku makatani awo. Inapita miyezi itatu chonchi.

Kenako ndinalandira magalasi atsopano, chifunga chija chinachepa. Loweruka la sabata yomweyo ndinatuluka m'mawa n'kupeza bwalo lonse lili mbwee tinsalu. Bobini anali atang'amba mtsamiro umene alamu anu anamusokera kuti azigonapo, ndipo anali pakati pake, thonje lili kukamwa, akugwedeza mchira ngati wagwira ntchito yaboma. Ndinawerama kuti nditole, uku ndikumukalipira. Kansalu koyamba kanali ndi dzina la telala wina, lolembedwa ndi zilembo zopindika zomwe mukuziwerengazi. Ndinakatembenuza. Kunsi ulusi unali utapiringizika ngati chisa cha mpheta.

Ndinatola kachiwiri, chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kutembenuza tonse. Tinalipo makumi atatu ndi tinayi, ndipo panalibe ngakhale kamodzi kamene bambo akanalola kuti kachoke pabenchi.

Alamu anu anali ataima pakhomo ndi beseni la zochapa. Sanakane. Anati ine ndikagona masana ankatenga kiyi wa bokosi la zipangizo m'thumba la jekete yanga, n'kumasula zonse zimene ndamanga, n'kukonzanso. Akatero ankasoka kansalu kawo, n'kulemba dzina ndi dzanja lamanzere kuti zifanane. Ndinawafunsa kuti ntchitoyi anaiphunzira kuti, poti ine sindinawalolepo kukhudza sikuludiraiva yanga. Anati zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala pakona paja, ndipo maso sanali m'thumba.

Anati tsiku loyamba ankafuna kundiuza zoona, koma ataona mmene ndinkayang'anira pakamwa pawo, mawu anakana kutuluka. Bodza lachiwiri linabwera lokha. Tinsalu tanga sakanataya kudzala poopa kuti ndiona, ndipo kutentha mtima sunawalole, poti ndi ntchito ya dzanja langa. N'chifukwa chake ankatilonga mu mtsamiro wa galu.

Pakamwa panga mukupadziwa. Ndinawauza kuti andisandutsa chidole choseweretsa pamaso pa anthu. Ndinati ayamba kulowa m'malo mwanga ine ndikupumabe. Ndinanenanso china chimene ndikuchita manyazi kuchilemba, koma ndilemba: ndinati matenda anangopha theka la dzanja langa, theka linalo amaliza ndi iwowo. Kenako ndinawauza kuti alongedze. Bobini anabwera kudzandinyambita, ndipo ndinavula nsapato kuti ndimugende ndi dzanja lamanja. Nsapatoyo inagwera pamapazi panga pomwepa. Galu anaitola n'kuthawa nayo, akuyesa masewera.

M'mawa mwake alamu anu anaphika, anasita malaya anga onse, n'kulonga mankhwala anga m'tizitini tosungiramo singano, kalikonse ndi tsiku lake. Kiyi uja anamusiya patebulo. Ndinamva geti likutsekeka ndili m'chipinda, nditayang'ana kukhoma, ndipo sindinadzuke.

Sabata yotsatira ndinabwerera kumafizo, mutu uli pansi. Mayi amene amatithandiza kumeneko sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anapinda zala zanga chimodzichimodzi, n'kundiuza kuti miyezi imene ndinajomba ndi imene dzanja limamvera msanga. Anati sipuni ndi mabatani ndidzazitha ndikalimbikira. Nditafunsa za timasikuluwu ta m'makina, anangoyang'ana pansi n'kuyamba kulemba. Anandifunsanso kuti anandiletsa kubwera ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule alamu anu, koma ndinakumbukira misozi ija, ndipo ndinatseka.

Ndinayesabe ndekha. Pali telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde la sitolo ya nsapato, mmodzi mwa makasitomala anga akalekale. Anabweretsa makina odumphitsa ulusi, ntchito imene kale ndinkaimaliza tiyi asanazizire. Ndinalimbana nawo masiku anayi. Kasikuluwu kakagwa ndinkakwawa pansi kukafunafuna, Bobini akununkhiza pambali panga ngati tikusaka mbewa tonse. Ndikakapeza, zala zinkakana kukagwira, n'kugwanso.

Tsiku lachisanu achikulire aja anabwera, anakhala pampando, n'kuvula chipewa. Makinawo sanawayang'ane n'komwe. Anangondifunsa mwaulemu kuti mayi abwera liti. Nditawayang'ana, anandiuza mosapsatira kuti matelala onse ankadziwa kalekale. Akuti ine ndimamanga sikuluwu ngati ndakwiya nayo, pamene makina a miyezi imeneyi ankabwera omangidwa mofatsa, opukutidwa mpaka kunsi kwa mano okokera nsalu. Ankabweretsa makina kwa mayi, ine n'kumandipatsa moni ndi kunditamanda kuti ndisagwe mphwayi. Ananena izi akusisita mutu wa galu. Kenako anapepesa kuti makinawo ndiye khasu lawo, sangadikire, ndipo anawamangirira panjinga osakonzedwa.

Ndiye kuti tauni yonse inkandinamiza, Achemwali, ndipo ine ndinasankha kuthamangitsa mmodzi yekha amene bodzalo linkamutopetsa msana.

Pano m'shedi mulibe makina a munthu aliyense. Mwatsala a alamu anu okha pakona paja, ndi katani imene anaisiya singano ili pakati. Ndimatsegulabe m'mawa, ndimasesa, ndimapukuta zipangizo n'kuzibwezera m'bokosi. Anthu odutsa amasuzumira n'kupitirira.

Bobini sakudya bwino. Amangonyambita pang'ono n'kukagona pansi pa mpando wa alamu anu, ndipo nthiti zayamba kuwerengeka. Geti likangolira amathamanga, akapeza kuti ndi mlonda uja amabwerera mchira uli pansi. Tikamayenda sakufunanso njira ya pamphambano, amandikokera kokwerera basi, n'kukhala pansi kumayang'ana anthu akutsika. Ine ndimaima naye ngati ndikungopumitsa mwendo. Ndinamusokera mtsamiro wina, koma sagonapo, ndipo sindikumuimba mlandu chifukwa msoko wake ndi wochititsa manyazi. Anthu amati galu sadziwa kanthu. Uyu anaulula mlandu, ndipo chilango akulandira limodzi ndi ine.

Ndawasowa mkazi wanga, Achemwali. Sindikunena za kuphika kapena kuchapa, zimenezo ndikukwawa nazo. Mabatani a malaya ndaphunzira kumanga, ngakhale amanditengera nthawi yomwera tiyi makapu awiri. Chimene chikundipweteka n'chakuti munthu anakhala pambali panga zaka zonsezi akudziwa ntchito yanga, ine osamufunsa ngakhale tsiku limodzi kuti akuona bwanji. Ndayesa kuimba foni kanayi, sakuyankha, ndipo ndikanakhala iwowo sindikanayankhanso.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mupiteko nokha kwa apongozi anga mukaonane ndi alamu anuwo. Musatenge gulu la anthu, ndipo musakandiikire kumbuyo ponena kuti ndi matenda amalankhula. Matenda anagwira dzanja ndi mwendo, mawu aja anali anga.

Mu envulopu muno mupezamo zinthu ziwiri. Choyamba ndi kiyi wa bokosi la zipangizo, ndamumata ndi selotepi pakona ya pepala lino. Mukawauze kuti benchi ndi yawo ngati akuifuna. Ine ndizilandira anthu pakhomo, ndizithira mafuta ndi kuwapatsira zipangizo, ndipo aliyense wobwera ndizimuuza ndi pakamwa panga kuti wokonza ndani. Chachiwiri ndi kansalu. Dzulo ndinachotsa katani ija n'kumasula makina awo aja, ndinawapukuta, n'kuwamanganso ndekha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kenako ndinalemba dzina lawo pakansaluko n'kusoka mizere itatu.

Akakana kubwera musawakakamize. Madzi akatayika saoleka, ndipo amene anakankha ndowa ndikumudziwa. Mungondilembera zoona, mosazungulira. Zikatero galuyu ndidzamutumiza kwa iwo ndi munthu wodalirika, chifukwa kuno afa ndi njala, ndipo iye sanatukwane aliyense.

Mundiperekere moni kwa alamu, bambo a kunyumba kwanu, ndipo muwauze kuti akapimitse magazi, asadikire kugwa ngati ine. Moni kwa ana onse, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati makutu akuwalolabe kumva. Kwa apongozi anga mukapereke moni wanga mutagwada, ngati angaulandire.

Kansalu kaja mukapereke m'manja mwa alamu anu. Mukawauze kuti atembenuze aone kunsi, koma ulendo uno asavutike kusaka mawu ondiuza. Ndatembenuza kale ndekha, ndaona.

Tsalani bwino,

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Wamakina