Khalani Pansi Kaye, Amayi

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija lasiya kuvuta? Ife kuno tili bwino, mkamwini wanu akungonenepa.

Paja mumauza anzanu kuti mwana wanu anaphunzira zaka zonsezi kuti azikaweta nsomba zosadyedwa. Lero ndidziteteze.

M'chipinda chathu chogwirira ntchito muli matanki agalasi mpaka kudenga. M'mawa ndimatola timazira ta tinsomba, tochepa ngati njere za mchenga, n'kutiika pa makina okulitsa zinthu. Dzira limagawikana tizigawo totchedwa maselo, awiri, anayi, kenako osawerengeka, onse ofanana. Koma pofika mawa lake ena asanduka diso, ena msana, ena mtima.

Ife timafufuza tinthu tifupitifupi ta m'maselomo, ta mtundu wotchedwa RNA. Tinthuti sitimanga chilichonse. Timangotontholetsa malangizo amene nthawi yake yatha, kuti selo limve oyenera, lidziwe kolowera.

Chaka chonsechi ndakhala ndi mazira opanda tinthu timeneti. Ana ake amakula opindika, ubongo wosaumbika bwino. Mwezi watha ndinabwezeramo kamodzi kokha mwa tinthuto, ndi singano yopyapyala kuposa tsitsi. Amayi, mitu inaumbika! Abwana athu, amene timawatcha a Chipewa chifukwa sachivula ngakhale m'nyumba, anati ndibwereze kaye, tisavine nyimbo isanayambe. Koma ndinawamva akuimba mluzu m'khonde.

Tsopano khalani pansi. Ndili ndi pakati.

Zaka zija munkandiyankhira mafunso a azakhali zatha. Ndachedwa kukuuzani chifukwa ndinali ndi mantha. Ntchito yangayi yandionetsa malo ambiri amene zinthu zimatha kukhotera. Kuchipatala ndinapanikiza namwino ndi mafunso mpaka anaika chipangizo chake pansi, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzapimidwa kapena kudzamulembetsa mayeso. Kenako anatembenuza kanema wa makina ounikira m'mimba n'kundiuza kuti nditseke pakamwa, nditsegule maso.

Kamtima kanali pomwepo, phaphapha, kosafunsa nzeru kwa ine. Ndaona timitima ta nsomba tosawerengeka, sindinagwetsepo msozi. Apo ndinalira. Mkamwini wanu nayenso, ngakhale mpaka lero akuti chinali chimfine.

Namwinoyo akuti zonse zili m'malo mwake, ndipo mtima wanga wakhala pansi.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Chipinda chaching'ono chija tachotsamo mabuku, bedi tayika pafupi ndi zenera, ndipo masitepe ndi ochepa, bondo silidandaula. Ine maphunziro anga amathera pa tsiku loswa. Tinsomba tikaswa timasambira tokha, palibe amatisambitsa kapena kutibereka kumbuyo. Kuyambira pamenepo aphunzitsi ndinu.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Azakhali musawauze kaye, ndikufuna nkhope yawo ndidzaione ndekha.

Mulungu akusungeni mpaka ndidzakulandireni chikwama pakhomo.

Ndine mwana wanu,
Chitsiriza