Foromani Wabwerera pa Nthawi Yake

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndafunsa za kudzuka dala, chifukwa nkhani yaikulu lero ndi ya tambala wanu wofiira uja, Foromani, amene munamupatsa dzinali poti ankatitulutsa m'mabulangete ngati tili pa ganyu yake.

Koma ndiyambe ndi za anthu. Kuno ku Dambwa tilipo. Mng'ono wanga Tisa wachira ku Malota, mwana ndi wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu ndi liuma lanu lomwe: akakana bere, wakana basi. Mvula chaka chino inatinamiza. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinafota chisanamasule, moti tikudya ufa wachikasu umene ana akuukwinyira nkhope. Mathithi aja munkawamva m'mawa mukusesa pabwalo, chaka chino phokoso lake silikufika kuno.

Tsono za Foromani. Patatha miyezi itatu titakuikani, anayamba kulira madzulo, tikungotseka wailesi kuti tikagone. Tsiku loyamba tinaseka. Lachiwiri Atate sanaseke. Mukudziwa zimene akwathu ku Katete amanena, kuti tambala wolira nthawi yogona ndi malodza, akuitana maliro. Azakhali, alongo awo a Atate, atamva anakwera minibasi tsiku lomwelo, mpeni uli m'chikwama, kuti nkhukuyo idulidwe isanatitengere munthu. Atate anawaletsa. Ine ndinayesa kuti akana za malodzazo, koma ayi. Anauza ife ana kuti, "Musiyeni. Amutuma ndi amayi anu, ndipo mthenga saphedwa."

Kuyambira pamenepo Atate anayamba kulongedza. Chakudya ankangochigwira kawiri n'kusamba m'manja. Suti yakuda ija anaitulutsa n'kuiyanika padzuwa. Wotchi imene anawapatsa popuma ntchito ku njanji anaipereka kwa amuna anga, ndipo ine anandiuza nyimbo zoti tidzaimbe. Munthu wopanda matenda ankatha ife tikuona, lamba akumuboola mabowo atsopano. Ndinachita mantha, Amayi, ndipo ndisakubisireni, ndinakukwiyirani. Ndinati kodi mayi ameneyu, miyezi itatu yokha wayamba kale kulamula ali kumanda?

Mkwiyo womwewo ndi umene unandikumbutsa kuti inu nkhuku munkazidziwa kuposa tonse. Munkati tambala ali ndi wotchi yake m'mutu, ndiye chifukwa amalira kusanache ngakhale utamuvindikira ndi dengu, koma wotchiyo imanyengeka ndi kuwala. Munkandionetsa kuti mwezi ukawala kwambiri amasokonezeka, kuti sitima ikaliza wezulo amaiyankha, ndi kuti wa kwa aneba akayamba, wathu sangagonje. Ndimakumbukira tsiku lija ndinabweretsa katambala kena kuchokera kumsika, n'kumadandaula kuti sikalira. Munandiseka kuti, "Tambala salira kwa eni, mwana iwe. Kakudikira mwini bwalo ayambe." Ndipo zinalidi choncho: Foromani akalira, kenako ndi pamene kaja kankatsatira ndi mawu ake osweka. Munkati tambala salirira anthu, amauza atambala anzake kuti pano pali mwini.

Ndiye ndinadzifunsa kuti ngati salirira anthu amoyo, angalirire bwanji akufa? Chilipo chimene akuona. Munkakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho m'malo molowa m'nyumba ndinakhala pa ndowa kuseri, pafupi ndi khola, kudikira.

Sindinadikire nthawi yaitali. A Mubita, aneba athu oyendetsa takisi aja, akuba anawamasulira matayala awiri, ndiye anaika babu lalikulu pa ngodya ya nyumba yawo. Akabwera ku ntchito amaliyatsa. Kuwala kwake kumadutsa pa mpanda, kulowa pa mpata wa malata a khola, n'kumenya ndendende pa mtengo umene Foromani amagonapo. Ife sitinkaziona poti mawindo athu ali mbali ina. Babu litangoyaka, ndinamva mapiko phaphapha, kenako kokoliriko. Ndinaseka ndekha mpaka ndowa inandigwetsa.

M'mawa ndinakawafotokozera a Mubita. Anagwira pamimba n'kunena kuti, "Ba Misozi, ni babu chabe iyi! Nkhuku yanu yakulira mu tauni koma siiziba malaiti?" Koma nditawauza za suti yoyanikidwa anasiya kuseka, ndipo anavomera kuti madzulo ayatse ndikawakuwira.

Kutada ndinawatulutsira Atate mpando. Anabwera monyinyirika, atafunda bulangete. Kunali zii. Ndinakuwa, a Mubita anayatsa, Foromani analira. Anazimitsa, tinakhala kanthawi, nkhuku inagona. Ndinakuwanso, anayatsanso, Foromani analiranso, mwinanso akutitukwana. Ndinatembenuka monyadira, ndikuyembekeza kuti Atate aseka.

Sanaseke, Amayi. Anayang'ana khola nthawi yaitali, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti sanandiitane." Misozi inatsika mpaka m'ndevu. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti masabata onse aja ine ndekha ndi amene ndinkaopa. Iwo ankasangalala kuti mwawakumbukira.

Pomwepo pakamwa panu panandibwerera. Ndinawafunsa kuti pa zaka zonse munakhala limodzi, ndi liti pamene inu munawatumizira mthenga? Mukawafuna munkaima pakhomo n'kukuwa nokha, Dambwa yense n'kudziwa kuti a Phiri achedwa ku bawo. Ndinati tsiku limene mudzawafune, sadzafunika kufunsa nkhuku. Anapukuta m'maso, anaseka pang'ono, n'kuvomera kuti mawu anu analidi osasowa womasulira. Kenako anandifunsa ngati ndiwo zatsalako.

Ndinasoka masaka awiri a feteleza n'kutchinga mbali ija ya khola. Tsopano Foromani akulira nthawi yake, kum'mawa kusanayere, ndipo katambala kaja kakudikirabe kuti iye ayambe. Azakhali akuti tangotseka malodza pakamwa ndi saka, koma mpeni anabwerera nawo. Atate anakalanda wotchi yawo kwa amuna anga, popanda ngakhale manyazi, chifukwa akuti akufuna kuona ngati nkhukuyo ikusunga nthawi. Dzulo nkhukuyo anaidzudzula kuti yachedwa, ngati kuti ndi sitima ya ku Lusaka.

Suti ija sinabwerere m'sutikesi. Atate aivala Lamlungu likudzali pa ubatizo wa mwana wa Tisa, ndipo akuumirira kuti amunyamule okha polowa m'tchalitchi. Akuti akufuna kumva dzina lanu likutchulidwa mokweza, iwo atalinyamula m'manja.

Choncho Amayi, Atate ndakukanizani, ndipo sindikupepesa. Inu munali nawo zaka makumi anayi, tisiyireniko ife pang'ono. Ndikukulonjezani kuti ndiwadyetsa mpaka lamba abwerere pa bowo lake lakale, ndipo Foromani sadzalawa mpeni, adzafa ndi ukalamba pa mtengo wake. Tsiku lanu lowafuna likadzafika, mudzakuwe nokha, ndidzamva ndipo sindidzatsutsa. Koma lisakhale chaka chino.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene munkati anatenga pakamwa panu,

Misozi