Bambo akukana kunyamula mdzukulu wawo

Aphungu,

Nkhani yanga ndi ya bambo anga, mlimi wa fodya. Chaka chatha anayamba kutsokomola, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda. Makhololo sanaonetse kanthu, koma chithunzi cha m'chifuwa chinkaoneka ngati TB, ndiye anawayambitsa mankhwala. Anamwa mpaka kumaliza, osasintha. Dokotala wina anaganizira kuti mwina ndi khansa. Kenako kuchipatala cha m'tauni anawalowetsa kapaipi m'mapapo n'kutengamo timadzi tokapima. Anapeza kachilombo kosowa kotchedwa Nocardia, kamene kamakhala m'dothi. Akuti sikapatsirana.

Panopa akuchira ndithu. Koma chiyambire matendawa anasamukira m'kanyumba ka kuseri, kapu ndi mbale zawozawo. Mwana wanga Tadala wayamba kukwawa, agogo ake sanamunyamulepo. Dzana anakwawira kumiyendo kwawo, iwo n'kubisa manja kumbuyo. Anati, "Make Tadala, madokotala anaphonya kawiri. Akaphonyanso, ukufuna ndiphe mwanayu?" Ndinawaona akupukuta m'maso. Ndichite bwanji?

D.L., Nsaru

Mayi D.L.,

Bambo anuwo si liuma ayi, mdzukuluyo amamukonda mpaka kumuopa. Musawaseke, musawakakamize.

Matenda amenewa amafanana kwambiri ndi TB kapena khansa, ndipo kachilomboka kamachedwa kuonekera akamapima. N'chifukwa chake zinatenga nthawi. Koma poyamba madokotala ankangoganizira, pamene tsopano chodwalitsacho achiona ndi maso. Kusiyana kumeneku bambo akufunika akumve kwa dokotala, osati kwa inu. Tsiku lobwerera kuchipatala likakwana muwaperekeze, Tadala ali kumbuyo, ndipo funso lawolo alifunse okha.

Kunyumba yambani ndi kapu ija, itsukeni pamodzi ndi zina. Yalani mphasa pabwalo, mwana azisewera pafupi nawo, inu muzichita zanu.

Mankhwala a matendawa ndi a miyezi yambiri. Asasiye poti akupeza bwino, kachilomboka kamabwerera. Akatuluka ziwengo, kapena mutu ukamawapweteka kwambiri, thamangirani kuchipatala. Wina pakhomopo akayamba chifuwa chosatha, akapimitse TB, musangoti n'zomwe zija za bambo.

Ndikuchenjezeninso ichi. Tsiku limene adzamunyamule, musadzaimbe nthungululu kapena kuitana anthu. Mudzalowe m'nyumba ngati simunaone kanthu, muwasiye awiriwo adziwane.

Aphungu