Kupukusa Mutu kwa Amwenye

Woodbridge, Virginia
9 Malichi 2007

Mlongo wanga Seleman,

Salaam aleikum. Kaya mwadzuka bwanji ku Ntajako, iwe ndi alamu ndi ana? Mwendo uja ukukuvutabe? Kuno tili bwino, kupatula chisanu cholowa mpaka m'mano. Akugwira cholembera ndi apongozi anga a Sumaya, koma mawu ndi anga, ndipo ndawaletsa kukometsa.

Mwana wanga Sharif ndi akazakewa amalawirira kukakwera sitima ya ku Washington, ine n'kutsala ndi makoma. Ndiye anandiikira mbale padenga yokoka kanema wa Amwenye. Masana alionse pamakhala sewero la wapolisi wokalamba, wamimba, wofufuza amene anapha mwini golosale. Sathamanga, saomba mfuti. Amangolowa nyumba ndi nyumba, kumwa tiyi, kufunsa za ana, uku akuyang'ana anthu m'maso. Mwezi wathunthu sanamange munthu. Chinenero chawo sindichimva, zilembo zoyenda m'munsi sindizidziwa, koma nkhope ndimaziona kuposa a masukulu.

Loweruka lina tikuonera limodzi, wapolisiyo anapempha mkazi wamasiye kuti aone chipinda cha malemu. Mkaziyo anapendeketsa mutu uku ndi uku, n'kuti acha, acha. Ine ndinati wakana ameneyu, pali chimene akubisa. A Sumaya anaseka, amvekere wavomera amayi, zalembedwa m'munsimo. Ndinawauza kuti olembawo alakwitsa. Ndisanatseke pakamwa, mkazi uja anamasula kiyi pansonga ya nsalu yake n'kutsekula chitseko.

Umandidziwa, sindigonja msanga. Milungu itatu ndakhala ndikulonda mitu yawo. Wopatsidwa tiyi amapukusa, n'kulandira. Woitanidwa amapukusa, n'kubwera. Mapeto ake ndinakakamiza apongoziwa kuti andifunsire mayi wa Chimwenye wogulitsa masala, zokometsera ndiwo zija, ku Manassas. Iye anati kwawo acha ndiye kuti chabwino, ndipo ponena zimenezo mutu unali ukupendekeka.

Seleman, ukukumbukira ku Limbe, pamene unkasoka pakhonde la sitolo ya Amwenye? Mpukutu wa nsalu utasowa, mwana wa mwini sitolo anakupitikitsa. Ine ndinakwera basi kuchokera kumudzi, ndinakusiya panja, n'kukagwada pamaso pa agogo ake, amene mawu awo ankalamula nyumba yonse. Ndinati mlongo wanga si wakuba, mloleni abwerere pa makina Lolemba. Gogoyo anandimvetsera mpaka kumaliza, kenaka anapukusa mutu, n'kuti acha, acha.

Ukudziwa mmene bambo athu ankatikalipira m'Chiswahili chawo cha kugombe: acha, kutanthauza leka. Ndinamva kuti akundiuza kuti ndileke kusokosa. Ndinadzuka, kukung'untha fumbi m'maondo, n'kuwauza kuti kwathu sitinafe ndi njala. Potuluka ndinakuuza kuti akana.

Pali chinanso, ndipo a Sumaya andiyang'ana pamene ndayamba kuchinena. Patatha milungu iwiri, dalaivala wa lole yawo anaima pamsika wa Ntaja, n'kundiuza kuti gogo akufunsa chifukwa chake telala sakubwera. Ndinayesa chipongwe. Ndinamuyankha kuti telala anapeza ntchito yabwino, ndipo iwe sindinakuuze. Chaka chomwecho unapita kukathyola tiyi ku Thyolo, makina osawakhudzanso.

Wapolisi uja amatha mwezi asanaloze munthu chala. Ine mlandu wako ndinaugamula ndisanadzuke pogwada. Zaka pafupifupi makumi anayi wakhala ukuuza ana ako kuti Amwenye anakuchotsa ntchito ngati mbala. Sanakuchotse iwo. Ndinakuchotsa ndine.

Mawu oti pepa sanazolowere pakamwa panga, koma ndawanena, ndipo alembedwa. Kalatayi usakaimvere kuseri. Itana ana ako onse, mmodzi awerenge mokweza, adziwe kuti bambo wawo anayembekezeredwa Lolemba lija. Ukatero, undiyankhe. Ngati n'kukalipa, kalipa, ndine wamkulu koma ndidzamvetsera mpaka umalize.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa a shehe ndi onse apamudzi. Allah akusungeni, atipatse masiku oti tidzaonanenso maso ndi maso.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumbuyo,
Bibi Asiyatu